Wosintha Masefa ku Ulaanbaatar

Lolemba lililonse ndimakwera makwerero
m'chipinda chomwe salola perefyumu,
salola sopo wonunkhira, ngakhale fungo la fodya pa kolala.
Ndimamasula timisomali tinayi
n'kutsitsa sefa yomwe ndinaiika ili mbee.
Lero ili bii, ngati kukhosi kwa chumuni.

Dokotala Tsolmon amati mluza ulibe mphuno
komabe umadziwa chomwe mzinda wapuma.
Anandionetsapo kamodzi pa galasi lokuzira zinthu:
kadontho, maselo anayi opanikizana
ngati ana ofunda bulangete limodzi.
Akuti miyezi ya utsi, ina imangoleka kugawikana,
osadwala, osalira,
kungoima basi, ngati wotchi.

Kuseri kwa chitseko amayi akhala pa benchi,
masiki kukamwa, mafayilo pamiyendo.
Wina wagulitsa nkhosa makumi asanu kuti afike pano.
Wina akuyang'ana pa foni nambala ya mpweya wa lero,
yofiira ngati dzulo,
n'kuibweza m'thumba msangamsanga ngati kalata ya ngongole.
Onse amandidutsa maso. Ndine wa makwerero.

Ikakwana faifi ndimavula zoyera.
Basi imakwera nane ku Bayankhoshuu,
kumene mapiri amavundikira utsi kuti usathawe,
kumene chipale chimagwa choyera n'kudzuka chotuwa,
ndipo mnansi umamudziwira kutsokomola
nkhope yake isanaoneke.
Chisanu cha kuno chimathyola chitsulo.
Ukapanda kukoleza moto, ufa usiku womwewo.
Ukakoleza, ufa pang'onopang'ono.
Tonse tinasankha pang'onopang'ono.

Uranchimeg wanga ali ndi pakati pa miyezi isanu.
Aka n'kachitatu.
Koyamba anapita padera mu Januwale,
kachiwiri Disembala asanathe,
ndipo tinsapato taubweya tomwe anasoka mayi ake
tikadali m'bokosi, zingwe zomangana.
Palibe anatiuza kuti ndi utsi.
Palibenso anatiuza kuti si utsi.
Namwino anangoti, mukadayesa nyengo yotentha,
ngati mwana ndi mbatata
yodzala utayang'ana kalendala.

Ndiye ndimagwada pa mbaula.
Manja omwewa, otsuka mpweya wa ana a eni,
amanyema malasha n'kuponya pamoto.
Utsi wanga umatuluka padenga,
umakapeza anzake zikwizikwi,
umatsetserekera kumunsi, kutauni,
ndipo Lolemba ndikaupeza pa sefa, ndimauzindikira.
Moni, ndimatero chamumtima. Wafika bwanji kuno?

Mlamu wanga Ganzorig amaimba kuchokera ku Arkhangai:
m'bweretseni kuno, mpweya ndi waulere,
ukaupuma mano amachita kuwawa.
Koma kumeneko chipatala chili kutali, msewu ukatsekeka watsekeka,
ndipo magazi akayamba sadikira kuti kuche.
Tayeza nkhaniyi pa sikelo usiku ndi usiku.
Mbali zonse zikulemera mofanana.

Sabata yatha ndinapempha sefa imodzi yotsala,
yopindika pakona, yomwe akanataya.
Ndaimata ndi tepi ku fani yakale
n'kuiimika kumutu kwa bedi.
Imalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo.
Uranchimeg anaseka mpaka kutsokomola,
akuti tsopano nayenso wasanduka mbale ya ku labotale.
Kenaka anagwira dzanja langa, mwaye uli m'zikhadabo,
n'kuliika pamimba.

Zii.
Fani yokha.
Galu wa kwa Dulmaa kuuwa chapatali.

Kenaka gu! kamodzi, pansi pa chala chapakati.

Iwe wam'katimo, sindikulonjeza zambiri.
Sindingasefe thambo, makwerero anga ndi aafupi.
Mphepo ya Epulo ikadzabwera idzasesa chigwa chonse,
mapiri adzaonekanso, anthu adzayanika zovala panja.
Kwatsala masiku makumi asanu ndi atatu mphambu anayi.
Ndawalemba ndi khala pa mzati wa nyumba,
ndipo m'mawa uliwonse, ndisanatsegule mbaula,
ndimafufuta limodzi ndi chala.
Gwiritsitsa.