Makiyi Awiri

Kabati ili pakona, kuseri kwa sikelo ya ana,
ndipo ili ndi maloko awiri.
Kiyi mmodzi amagona pachifuwa panga, pachingwe cha nsapato.
Winayo ali kutsidya, ku Castro,
m'thumba la namwino amene sindinamuonepo nkhope.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pachilumba chino cha Quehui.
Ndatsuka zilonda za asodzi,
ndamanga zala zophwanyidwa ndi zingwe za maboti,
mitsempha ya anthu onse ndimaidziwa ngati njira ya kwathu.
Panado ndimapereka. Katemera ndimabaya.
Koma kabotolo kaja, ka mofini,
lamulo likuti: dzanja lako lisakakhudze,
dzina lako mulibe m'kaundula wa anamwino.

Usiku wa Lachinayi Abelardo Cárcamo anayamba kubuula.
Khansa yamudya m'chiuno ngati chiswe mumtanda wa denga.
Mkazi wake Rosenda anafika atanyoweratu, nyali m'manja:
"Eliana, ana athu onse anadutsa m'manja mwako,
lero manja omwewo auma?"

Ndinaima pamaso pa kabati.
Loko wachiwiriyo ngwofooka, mpeni wa patebulo ungathane naye.
Mlingo ndimaudziwa, ndauona ukulembedwa kambirimbiri.
Koma ndimadziwanso za kadontho ka inki,
kaja kokhala pakati pa manambala,
kamene kanasochera chaka chomwe ndinayamba ntchito,
pachilumba china,
mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi osadzukanso.
Amene anabayayo nayenso ankati amadziwa.

Ndinatenga wailesi, mawu akudukaduka ndi mvula.
Boti silinyamuka mphepo isanagone, anatero.
Ndiye ndinapita ndi zomwe lamulo landisiyira:
botolo la madzi otentha, pilo, manja anga,
kumutembenuza maola awiri aliwonse,
kumunyowetsa milomo ndi thonje.
Ananditukwana, natchula ndi mayi anga omwe.
Ndinangoti zii,
kiyi akundiwotcha pachifuwa ngati khala.

M'bandakucha boti linakocheza.
Anatsika mtsikana, Yasna Oyarzún,
satifiketi yake inki isanaume n'komwe,
atasanza ulendo wonse, nsapato zodzaza madzi amchere.
Kiyi wake, kiyi wanga, kabati inatseguka.
Anawerenga mokweza, ine ndikubwereza.
Tinasaina m'buku, iye pamwamba,
ine pansi, pamzere wa mboni.

Pabedi la Abelardo dzanja lake linkangonjenjemera.
Mtsempha unamuthawa kawiri.
"Amayi," ananong'ona, "sindikuupeza."
Ndinaika chala changa pamkono wouma uja,
pamwamba pang'ono pa chipsera cha mbedza:
apa.
Chala n'changa, singano ndi yake.
Za chala lamulo silinenapo kanthu.

Abelardo anagona dzuwa litakwera,
kukamwa kuli yasa, ngati khanda lokhuta.
Yasna anakhala pansi pakhonde n'kuvula nsapato,
kenako anandifunsa ngati sizindipweteka,
zaka zonsezi, kusunga theka la chitseko.
Ndinamupatsa masokosi anga ouma.

Rosenda sanandiyankhule sabata yonse.
Tikakumana kudoko amayang'ana nkhosa za eni.
Dzulo ndapeza thumba la mbatatesi pakhomo la kiliniki,
lopanda dzina, dothi likadali lonyowa.
Kaya ndi langa, kaya ndi la mtsikana uja,
sindikudziwa.
M'buku mulibe mzere wolembapo zimenezo.