Anayi Pamzere

Pa Copacabana kombi yadzaza mpaka pakhomo.
Wina akafuna kukanda bondo
tonse anayi pamzere tipendekeke kaye.
Ndikumwetulira ndekha, chikwama pamiyendo:
izi ndiye zimene zimandigonetsa mochedwa.

M'kamwala kakuda, kochepa ngati njere ya mapira,
maelekitironi adakhala chonchi,
aliyense pampando wake, zigongono zili gundane,
wosuntha palibe. Magetsi sadutsamo.

Ndiye timakawomba ndi kuwala.
Osati kwa tochi ayi.
Kuthwanima kumeneko kukadakhala sekondi imodzi,
kuphethira kwa diso langa kukadatha zaka zikwizikwi.
Koyamba kumawadzidzimutsa.
Kwachiwiri kumafika m'mapazi mwake kudzafunsa:
wanyamuka ndani, wakankha ndani,
mwabwerera liti m'malo mwanu?

Makinawo ali kutsidya kwa nyanja, sindinawakhudzepo.
Kuno ku Mount Pleasant kumafika manambala okha,
ine ndi Tsungai kuwerama pa kompyuta imodzi
batire ili kuthera, jenereta yakana.
Iye amatukwana m'Chishona, ine m'Chinyanja cha ku Mufakose,
mzere wa pagalasi nkutsika, nkukweranso pang'onopang'ono
ngati munthu wodzuka pamalungo.

Mayi amati, mwanawe, ukuyeza chiyani chosaoneka?
Ndimasowa poyambira.

Koma taonani, pa Avondale watsika mmodzi.
Mpata! Tonse tasendera,
mpweya wayenda, mwendo wadzanzi wadzuka,
kwa kamphindi ndife madzi.
Kondakitala waitana wina.
Chitseko gwa.
Taumanso.