Khomo la m'mbali

Ndinafika ku Gulupu dzuwa litakwera kale.
Galimoto ndinaimika pamthunzi,
mlonda anandivulira chipewa
ngakhale sitinakumanepo.
Sindinkadwala ine.
Ndinkangofuna chidindo pa fomu ya ntchito,
chidindo cha boma chonena kuti mapapo anga ali bwino.

Mzere unali utakhota kawiri kuzungulira khonde.
Patsogolo panga panali mayi wa ku Chilobwe,
Nasimango, ndinamva mnzake akumuitana choncho.
Anati anadzuka nkhuku zisanalire,
wayenda wapansi ulendo wonse
chifukwa minibasi zakwera mtengo dzulo.
Kumsana kwake mwana, mutu uli lende,
akutentha ngati mbaula.
Anayang'ana buluku langa lositidwa bwino,
nang'amba pakati katoni yomwe anakhalira:
"Khalani apa, achimwene, lingade."

Ndinakhala. Mphindi zisanu, mwina zisanu ndi ziwiri.

Kenako khomo la m'mbali linatseguka,
lija lolembedwa kuti osalowa.
"Sindiwe mwana wa a Sabola iwe?
Mphumi yomweyo!
Bambo ako ndinkagona nawo chipinda chimodzi kusukulu ku Dedza,
ankandithera sopo. Tiye kuno."
Miyendo yanga inadzuka yokha
isanafunse mtima.

M'kati munali fani ndi mpando wofewa.
Anandifunsa za amayi, za shuga wawo,
nandimvetsera pachifuwa uku akuseka,
chidindo pha!
Tiyi ndinakana, ndinati ndachedwa.

Potuluka ndinapeza mzere wasuntha mapazi atatu.
Nasimango anali ataponda katoni ija ndi chidendene
kuti mphepo kapena munthu asaitenge.
"Malo anu ndasunga."

Ine ndakhala ndikunena kuti zanga zonse ndinakhetsera thukuta.
Si bodza: ndinkawerenga mpaka tambala woyamba.
Koma nyale ndinkawerengerayo ankalipira ndani?
Magetsi akazima, jenereta inkadzuka kuseri kwa nyumba.
Mipope ikauma Ndirande yense,
kwathu thanki inkangoti phee pamwamba, yodzaza,
ndipo ndinakula ndikuyesa kuti madzi amachokera m'khoma.
Mwayi ndinkauona mwa ena,
okwera ndege ku Chileka,
okumba madamu osambira kuseri kwa mipanda ya waya.
Wangawu sindinkauona,
monga munthu saona nkhongo yake.

Mwayi sufuula.
Ndi kusadziwa kuti minibasi zakwera.
Ndi dzina la bambo ako lofika pakhomo iwe usanafike,
kugogoda, kulowa, n'kumakudikira lili m'kati.

Ndinapisa dzanja m'thumba, ndinakhudza ndalama,
manyazi anandigwira, ndinalitulutsa lopanda kanthu.
Ndinaganiza zobwerera kukhomo lija:
"Adokotala, pali mwana panjapa."
Akanamva, ndikudziwa,
akanamva chifukwa wanena ndine.
Koma kumbuyo kwa Nasimango kunali mkulu wa mwendo wotupa,
mtsikana wokhosomolera m'mpango,
ana ena anayi otentha chimodzimodzi.
Ndisankhe uti?
Ndipo wandipatsa ndani mphamvu yosankha?

Ndinabwererabe. Ndinagogoda.
Anali atapita ku wodi, khomo lili ndi loko.

Pa Ginnery Corner magalimoto anali atathithikana,
anyamata akugulitsa nthochi ndi machaja pawindo.
Fomu inali pampando wapambali,
chidindo chake chabuluu chikunena zoona:
mapapo anga ali bwino.

Dzina la mwana uja sindinafunse.
Ngati anaonana ndi dokotala dzuwa lisanapendeke, sindikudziwa.
Koma mpaka lero ndikamadutsa pa Gulupu,
mawindo nditatseka, wailesi ikuimba,
ndimaona chidendene cha ming'alu chija
chitaponda katoni ya sopo,
chikundisungira malo
pamzere womwe sindinabwerereko.