Kugogoda Katatu

Alamu ndinaitchera folo koloko m'mawa
chifukwa ku Las Vegas kukadali Loweruka usiku,
pomwe kuno ku Łódź Lamulungu lafika kale
ndi chipale chake pamadenga a magalimoto.
Ndadzuka. Palibe woti ndimupepese.
Sokosi imodzi ndaipeza kunsi kwa bedi, inzake ndaitaya mtima.
Soseji yadzulo ndaidya yozizira,
chiimirire pakhomo la fuliji.

Sabata yonse ndimakhala chagada kunsi kwa matramu,
kumasula mabuleki,
girizi kulowa m'zikhadabo mpaka sopo anatopa nane.
Ndiye ndikaona munthu amugwetsa chagada m'khola muja,
wina namukhalira pachifuwa,
ndimadziwa pomwe khosi limayambira kuwawa.

Lero akumenya Borek.
Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ngati ine.
Makutu ake anatupa n'kupindika ngati kabichi wofota,
mphuno inakhotera kumanzere, inakhazikika komweko.
Ankanyamula njerwa asanayambe kunyamula anthu.
Iye sandidziwa.
Ine ndimadziwa ndi bondo lomwe anamuchita opaleshoni.

Mawu a kanema ndatsitsiratu
poopa Mayi Jadwiga a kuseri kwa khoma,
aja ogona tulo ta mphaka.
Choncho nkhonya zikugwa mwakachetechete,
khamu likuyasamula kukamwa ngati nsomba,
ine kumangomva paipi yotenthetsa nyumba ikulira tiki, tiki.

Chigawo choyamba n'chake.
Chachiwiri, mnyamatayo wapeza bondo lija:
theche, theche, thechenso, pamalo amodzimodzi,
momwe ndimamenyera bawuti yadzimbiri.
Kenako pansi. Kenako kumsana.
Mkono walowa kunsi kwa chibwano.
"Tembenuka! Tembenuka, iwe!"
Ndi ine ameneyo, ndaimirira, tiyi ali pakapeti.

Borek watambasula dzanja,
wagogoda ntchafu ya mnzakeyo katatu.
Basi. Mkono wamasuka.
Woimbira wadumphira pakati,
ndipo yemwe amamukanyanga uja ndi amene akumudzutsa.
Khoma nalonso lagogoda: gu, gu, gu.
Pepani, Mayi Jadwiga.

Izi n'zomwe anzanga kugalaja samva
akamati ndimakonda kuonera magazi.
Mmenemo ukagogoda, amakusiya.
Ine ndinayesapo.
Tsiku lomwe Renata anatsitsa masutikesi ake pamasitepe
ndinagogoda tebulo ili mpaka chikhatho chinachita dzanzi.
Lendi sinamve, mwezi wa Januwale sunamve,
firiji inapitiriza nyimbo yake.

Naini koloko, amayi aimba foni atatuluka m'tchalitchi.
"Mirek, wadya?
Mwana wa a Sobczak uja akadali yekha, amagwira kufamase."
Ndati tiona.
Ndakhala ndikuona kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Kapu imodzi, mbale imodzi, foloko sindinaigwiritse.
Pagalasi la m'khonde ndaponya nkhonya ziwiri mumphepo,
phewa lalira khwa, ndaleka.
Pafoni Borek akuyankhula ndi diso limodzi lotseka,
akuti sakupuma, abweranso mu Meyi.
Ndalemba pakalendala ya sitolo ya matayala,
pansi pa tsiku lolipira magetsi.

Masana ndikutsika ndi zinyalala,
ndakumana nawo pamasitepe achiwiri,
chikwama cha mbatata chikuwakokera mbali imodzi.
Ndachilandira, ndakwera nacho.
Sanandiyang'ane pomwe amafufuza makiyi m'thumba la jasi.
"Munthu wanu uja, wapambana?"
Ayi, mayi.
"Ndinamva," atero.
"Ulendo wina muzikweza mawu pang'ono.
Kufuula kwa munthu mmodzi kumaopsa kuposa kwa khamu."