Kuyang'ana Chammbali

Che Mtalika anagogoda pazenera langa tambala asanalire,
nati, Asiyatu, dzuka, magetsi azima mpaka ku boma,
mdima wabwino chotere sukhalitsa.
Ndinafunda chitenje pamwamba pa juzi
n'kuwatsata kuseri kwa chigayo cha pa Namwera,
iwo atasenza paipi yawo ngati wopita kukakonza mjigo.

Ati telesikopu.
Paipi ya pulasitiki, galasi kunsi kwake,
miyendo ya matabwa a desiki yothyoka
yomwe anapempha tsiku lopuma uphunzitsi.
Ine anandipatsa mabayinokula okutuka utoto,
nati, yamba ndi awa, usathamange.

Akamwiniatsatana anali atakwera kale pamwamba pa mibulugamu.
Pambali pawo, anatero, pali tinyenyezi tina titatu,
koma ka pakatiko si nyenyezi wamba.
Pali nkhungu pamenepo.

Ndinayang'ana. Kadontho chabe.
Ndinatong'ola maso mpaka misozi. Kadontho komweko.
Ine amene ndimaswera ku labu ya chipatala
kusaka tizilombo ta malungo m'dontho la magazi,
ine wosaphonya ngakhale kamodzi kobisala kumphepete kwa galasi,
ndinachita manyazi.

Anaseka chapansipansi.
Vuto lako ukuyiyang'ana ngati wangongole.
Ponya diso chammbali,
monga amachitira mkamwini akakumana ndi apongozi panjira.

Ndinasuntha diso pang'ono, ndipo iyo
inatulukira pangodya,
mpweya wa mkamwa pagalasi lozizira,
ufa wotsalira pamkono wa wogayitsa.
Nditabweza diso kuti ndiyigwire, inazemba.

Kenaka paipi ija.
M'thumba la malaya anatulutsa kampango,
m'kampangomo kagalasi kakuda ngati ndalama yakale,
kochokera kwa mwana wawo wasukulu amene ali ku Joni.
Atakamangirira, nyenyezi zinafota, thambo linada bii.
Ndinati, mwandibera kuwala.
Anati, sefa sawonjezera ufa, mwanawe,
amangochotsa gaga.

Ndinadikira. Udzudzu unandipeza pakakolo, sindinaumenye.
Pang'onopang'ono nkhungu ija inatambasula mapiko
ngati mleme wopachikika kudenga la tchalitchi,
yotuwa, penapake yobiriwira ngati ndere,
pakati pake pali mpata wakuda wonga pakamwa pa nsomba.
Mmenemo, anatero, nyenyezi zikubadwa.
Ndinatchera khutu mwachizolowezi.
Labu yathu yagundizana ndi chipinda cha azamba,
sindinamvepo kubadwa kopanda kulira.

Sindinawauze za Twaibu.
Zaka zitatu tsopano chimuikireni mchimwene wangayo ku Katuli.
Ndikakhala pansi kuti ndikumbukire nkhope yake
sindiona kanthu,
ngakhale chithunzi cha mufoni chasanduka cha mlendo.
Koma ndikamayanika zovala, maganizo ali pa mtengo wa sopo,
belu la njinga likalira kumsewu,
uyo wayima pangodya ya diso,
wathunthu, ndi dzino lake lobenthuka lija.
Ndikacheuka, palibe.

Wakabaza wina anadutsa ndi nyali yake yonse
n'kutithira kuwala kumaso.
Che Mtalika anatukwana mu Chiyao, kenaka anapepesa.
Tiyambirenso, anatero, diso limafuna mphindi makumi awiri
kuti likhululuke.

Sitinazipeze mphindizo.
Azana inamveka kumzikiti wa pamsika,
kummawa kunayamba kutuwa,
ndipo babu la pachigayo linayaka lokha, magetsi abwera.
Anandisiyira paipi kuti ndiyisunge, iwo napita kukaswali,
kagalasi kaja atakabweza m'kampango, m'thumba la pamtima.

Hafu seveni ndinali pa mpando wanga,
maso olemera, mawanga a udzudzu akuyabwa.
Magazi oyamba anali a mwana wa miyezi isanu ndi inayi,
mayi ake akudikira pakhonde, osakhala pansi.
Ndinaika galasi pa makina, ndinawerama,
ndinapeza diso langa layamba kale
kufufuza chammbali.