Odi wa Pawaya

Usiku uno ndagonera kuntchito,
ngati kukhala maso pampando n'kugona.
Chifunga chakwera kuchokera ku Lunyangwa,
chameza nyale za ku Katoto imodziimodzi.
M'chipinda muno mukuzizira kuposa Juni wa Mzuzu
poti makina sagwirizana ndi thukuta.

Mawu anu sindiwamva, musaope.
Zimene mumanong'onezana pakati pa usiku ndi zanu.
Changa ndi odi.
Foni isanalire pamayamba pachitika kugogoda:
ndine uje, ndachokera kwakuti,
ndikufuna mwini nambala iyi, kodi alipo?
Tsidya linalo n'kuyankha:
taimani pomwepo, ikulira.

A Luhanga, amene anandiphunzitsa ntchitoyi,
anamerera imvi pa mawaya a kopa.
Ankadziwa mtengo uliwonse
kuchoka papositi mpaka ku Ekwendeni,
ngakhale uja akuba anaukwera kawiri mwezi umodzi.
Tsiku lopuma ntchito anasisita kabati yakale
ngati ng'ombe yomwe yagulidwa kale,
nati: Mwana wanga, mawu adzere kulikonse,
koma odi asatayike.

Lero mawu amayenda pa intaneti
oduladula, m'timitolo,
kena kudzera ku Songwe, kena kuzungulira kutali,
n'kukakumana pakhutu panu ngati sitinasiyane.
Koma intaneti ndi mwana wobadwira m'tauni,
chilankhulo cha makina akale sachimva.
Ndiye timatenga odi wakale uja,
wathunthu, osachotsako ngakhale kadontho,
n'kumukulunga mu uthenga watsopano:
mwana kubereka kholo kumsana
kuti aoloke nalo mtsinje wodzaza.
Akafika tsidya amalitsitsa pansi,
kholo n'kuloza njira ndi chala:
uyu wa ku Luwinga, uyu wa ku Zolozolo,
uyu mupite naye ku Chibavi.

Mfundo ya mbereko ikamasuka panjira
foni ya mayi wa ku Mchengautuwa imalira yopanda dzina.
Iye amaiyang'ana, n'kutsonya,
ati ndi akathyali aja ofuna ndalama,
n'kuibwezera m'chikwama,
chonsecho ndi mwana wake
ali pabenchi ya chipatala ku Joni
ndi mayunitsi a mphindi ziwiri.

Foni ikaduka imasiya chifukwa chake,
ndipo chifukwacho chimabwera ngati nambala.
16, atsazikana bwinobwino.
17, akulankhula ndi wina.
19, yalira, yalira, palibe woitola.
Ndimawerenga izi monga namwino awerengera
kapepala ka kumiyendo kwa bedi.

Ndiye pali uyu.
Lachitatu lililonse, 2 koloko ya usiku itangodutsa,
odi wochokera dziko lakutali
amafuna foni ya m'nyumba ina ku Chiputula
imene inazimitsidwa ine ndisanalembedwe ntchito.
Makina amamuyankha ndi 1:
nambalayi ilibe mwini.
Amayesanso. 1.
Kachitatu.
Kenako zii, mpaka sabata yamawa.

Mwina ndi makina anzathu osokonekera mutu.
Mwina ndi munthu woledzera.
Mwinanso ndi wina amene zakwawo zonse zinafufutika,
kunangotsala manambala amenewa
monga limatsalira dzino limodzi m'kamwa.

Kumuimbira sindiloledwa,
ndipo ndikanamuuza chiyani?
Kuti pamene panali foniyo mwina pano pali saluni?
Chimene ndingathe n'chochepa:
kuonetsetsa kuti odi wake wafika wathunthu
pakhomo lopanda chitseko,
ndi kuti yankho labwerera loona,
osati kulira kwabodza komupatsa chiyembekezo.

Kunja kwayamba kuyera.
Anyamata a sakaramento akupukuta zishalo,
mvula yamawawa yayambanso zake.
Tiyi wanga wazizira kalekale.
M'buku la ntchito ndalemba kuti zonse zili bwino,
n'kusaina.
Pakalendala ya pakhoma, ya chaka chino,
lero ndi Lachiwiri.