Fupa Losochera

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulekanitsa fupa ndi mnofu
pa fakitale ya nyama kunja kwa Wolverhampton,
mpeni kumanja, golovesi yachitsulo kumanzere,
chisanu cholowa mpaka m'zikhadabo.
Phewa la nkhosa ndingalisule nditatsinzina.
Fupa lililonse ndimadziwa kwawo.

M'mawa wina wa Novembala, kunja kudakali bii,
mkodzo unatuluka ngati madzi otsukira thabwa la kuntchito.
Ndinagujumula, ndinasamba m'manja, ndinakakwera basi.
Milungu isanu ndinkagujumula mwakachetechete
mpaka Fyness anapeza dontho pa chovala chamkati
nandiyang'ana ngati mwana wobisa chilonda.

Ku Birmingham, a dokotala Hartley
ananditembenuzira kompyuta.
M'chithunzi chotuwa munali kanthu koyera mbee,
ngati phale la mbale m'phulusa.
Ndinati, "Mwala?"
Anati, "Ifenso tinayesa mwala. Ndi fupa."
Ndinaseka. "Mayi, za mafupa muuze ine?
M'chikhodzodzo simukhala fupa.
Ndataya zikhodzodzo zambiri kuposa zomwe mwaonapo."
Iwo sanaseke.
Akuti ilipo khansa youmba fupa pomwe fupa silimera,
yosowa, mwakuti chiyambire ntchito yawo
ine ndine woyamba.
Dzina lake analemba pa kapepala,
lalitali ngati sitima ya katundu.

Woyamba!
Ine amene ku sukulu ya ku Bawi
ndinkawerengedwa kuchokera kumchira.

Achimwene a Zondiwe pa foni anatsitsa mawu:
"Fupa silidziyendera lokha. Alipo wakuponyera."
Ndinati, "Ndani kwathuko ali ndi ya ndege
yoti awonongere pa ine?"
Tinaseka, kenako mayunitsi awo anatha,
ine n'kutsala ndi foni pakhutu ndi mvula pawindo.

Palibe wandiponyera.
Ndi thupi langa lomwe, mmisiri wosokonezeka mutu,
wanyamula njerwa zabwinobwino
n'kukamanga chipilala pakati pa chitsime.
Amati fupa lokakamiza limaswa mphika.
Langali palibe analikakamiza,
koma mphika anati auchotsa wonse.

Tsiku la opaleshoni sindinayang'ane nkhope ya wong'ambayo,
ndinayang'ana manja.
Zala zowonda, zikhadabo zowenga, dzanja losanjenjemera.
Ndinati, "Mpeni uzitsata fupa, osalimbana nalo."
Anagwedeza mutu ngati wophunzira ntchito.
Ndinawerenga chobwerera m'mbuyo m'Chichewa,
sindinafike pa zisanu ndi ziwiri.

Nditadzuka ndinapempha kuliona.
Anati lapita kokapimidwa, alidula tizidutswa
topyapyala kuposa chikhwatha cha anyezi,
ndipo madokotala a mizinda ina akufuna kuliona.
Fupa langa likuyenda dziko lino kuposa mwini wake.

Tsopano pamimba pali kathumba.
Kamafunda ngati mwana wa mphaka.
Fyness anaphunzira kudula bowo la pulasitala
ndi sizasi yomwe ankadulira tsitsi la ana,
lilime lili panja, magalasi pa nsonga ya mphuno.
Usiku ndikatembenuka amayamba kufufuza paipi
kenako n'kufufuza ine.

Kalata yabwera dzana, ya envulopu yoyera:
pa eyiti Meyi akajambule mapapo.
Akuti mbewu yake ikauluka imakonda kutera kumeneko.
Ndiye ndimapuma mozama pa siteji ya basi,
kumvetsera ngati mkatimu muli chogogoda.
Mumangomveka mpweya wozizira ndi utsi wa dizilo.

Anzanga a kuntchito, Marek ndi Tendekai,
abweretsa mwendo wa nkhosa atauchotsa kale fupa.
Ndautembenuza pa thabwa, ndaupapasa ndi chala.
Asiyamo kachidutswa pafupi ndi mfundo.
Ndakachotsa ndi nsonga ya mpeni, kamodzi n'kamodzi,
ndakaika m'mphepete mwa mbale.
Fyness akufunsa ngati akataye.
Ndati, "Kasiye kaye pomwepo."